Fuliji Yochokera ku Ofesi

6 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, makamaka amayi ndi shuga wawoyo. Ine kuno ndilipo, kungoti nsapato zikutha ndi kuyenda, poti basi akweza mtengo kachiwiri.

Kalatayi ikubwera ndi katundu. Dalaivala wa lole ya simenti, uja wa dzino lagolide, akutsitsirani fuliji pa siteji Loweruka. Usadzidzimuke, sindinabe. Ku ofesi kwathu kuno agula mafuliji atatu atsopano, ina mwa iwo ndi yongoikamo madzi akumwa a abwana, ndiye yakaleyi anaitulutsa pakhonde kuti woifuna atenge. Anthu ankangoilambalala. Ine nditaiona ndinakumbukira mtsuko wa mchenga uja umasungiramo timabotolo ta jakisoni wa amayi, ndi momwe umavutikira kuthiramo madzi kuti mchenga usaume. Ndinaiyesa ndekha, ikulira bwinobwino ndipo ikuzizira. Chitseko chokha ndicho chimafuna kuchikankha ndi bondo.

Wa zamagetsi wandiuza kuti isagonekedwe, ndipo mukaitsitsa iime tsiku lathunthu musanaiyatse. Undilembere ngati ikuzizira.

Ndalama mwezi uno ndaikamo zochepa, zambiri zapita kwa dalaivala. Khadi la amayi lolandirira mankhwala aulere likadali bwino? Upereke moni kwa Atelala apakhomo loyandikana nalo, uwauze kuti malaya omwe anandisokera akadalipo, anzanga kuno amayesa ndi ogula m'sitolo.

Ndine mchimwene wako.

20 Febuluwale

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno. Amayi ali bwinoko. Ine ndilipo, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi zochapa za kunyumba zakumtunda.

Katundu wanu anafika. Dalaivala wanuyo anaigoneka pamwamba pa matumba a simenti, akuti ikanaima ikanagwa pa mabampu. Tinaipukuta n'kuiimika pabalaza, pafupi ndi zenera, pamalo poti wodutsa mumsewu aione. Malowo anasankha ndi amayi. Mpando wa malemu bambo wapita kuchipinda.

Msewu wonse unabwera kudzaona. Amayi anavala diresi lawo la kutchalitchi, Loweruka, ndipo aliyense wolowa ankamuuza kuti, "Watumiza ndi mwana wanga, kalaliki wa kuboma uja." Atelala anaizungulira kawiri, kenako anati, "Anzathu mwalemeratu apa. Kuyambira lero tizikupatsani moni titavula nsapato." Iwo ndi amayi anaseka mpaka kutsokomola onse awiri.

Mwafunsa ngati ikuzizira. Ikugwira bwino, musade nkhawa. Mtsuko uja sindinautaye, magetsi akuno mukuwadziwa.

Khadi lili bwino. Lachiwiri loyamba la mwezi amayi ndi Atelala amapitabe limodzi kuchipatala kukalandira timabotolo tawo, aliyense ndi khadi lake lobiriwira m'kathumba ka pulasitiki. Njira yonse amakangana za yemwe shuga wake ndi woopsa kuposa wa mnzake. Koma anesi akuti chaka chino kubwera kalembera watsopano, ndipo makhadi adzapatsidwa okhawo omwe alembedwe. Inu muli komwe zinthuzi zimachokera, tiuzeni zoona zake.

Sopo wakwera. Mukapeza kangachepe mutikumbukire.

Mlongo wanu.

11 Malichi

Mlongo wanga,

Zikomo chifukwa cha kalata yako. Nditawerenga za diresi la amayi ndinaseka ndekha m'basi, anthu mpaka kundiyang'ana. Mtima wanga wakhala pansi kumva kuti fuliji ikugwira. Chiyambireni ntchito, aka ndi koyamba kutumiza chinthu chooneka ndi maso.

Za kalembera ndi zoona. Akhala akuchita misonkhano masabata awiri, ina kuhotelo, ina konkuno. Akuti ndalama zaboma zachepa, ndiye thandizo lizipita kwa ovutikitsitsa okha, osati ovutika wamba. Mawu awiriwa ndawamva mpaka ndikuwalota. Malire ake ali pati, sindinamvetse. Koma amayi ndi amasiye, ndi okalamba, ndi odwala. Ngati iwo salowa, alowa ndani?

Olembawo ndi achinyamata ongomaliza kumene sukulu, ndipo adzafika atatopa ndi dzuwa. Muwalandire mwaulemu. Musese pakhomo, muwapatse mpando ndi madzi ozizira a m'fuliji. Muyankhe zoona zokhazokha, chifukwa akuti wopezeka akunama adzachotsedwa mpaka kalekale. Musadzionetse ngati anthu otayika. Ine ndawaona anthu a m'maofesi, munthu waukhondo amamumvetsera.

Ndaikamo ya sopo.

Mchimwene wako.

2 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Kalatayi uwerenge wekha kaye usanawawerengere amayi.

Zomwe ndinalemba mwezi watha uziiwale. Lero m'mawa ndinalowa m'chipinda chomwe amaphunzitsiramo olemba aja, ndipo pa bolodi panali pasanafufutidwe. Ndinaima n'kuwerenga zonse. Sakuyambira pa matenda kapena umasiye. Akuyambira pa katundu. Chilichonse chili ndi mapointi ake, denga la malata, simenti yapansi, wailesi, njinga, makina osokera. Mapointi akapyola mzere, kompyuta imakutaya yokha, wolembayo alibe chonena. Fuliji ili pamwamba penipeni, yangoposedwa ndi galimoto basi.

Ichotseni m'nyumba lero lomwe. Kaisiyeni kutchalitchi, kapena kwa wina aliyense yemwe walembedwa kale. Amayi akakana, uwauze kuti ndalamula ndine. Za ntchito yanganso asatchule. Anene kuti ndili kutauni ndipo ndimathandiza mwa apo ndi apo, zomwenso ndi zoona.

Ndikanaimba pa foni ya kugolosale, koma mwini golosaleyo ali m'komiti ya kalembera, komanso foni yake ija munthu ukamalankhula msewu wonse umamva. Ndapereka kalatayi kwa dalaivala, akunyamuka mawa m'mawa. Dera lanu afikako sabata yamawa.

Mchimwene wako.

12 Epulo

Achimwene,

Moni. Tili bwino. Olemba aja anabwera Lachinayi lapitali, ndipo tinachita zonse monga munanenera.

Kwathu kunalowa mtsikana wamng'ono kuposa ine, atanyamula kachipangizo konga foni yaikulu. Ndinasesa mpaka kumsewu. Amayi anavala diresi lija. Mtsikanayo tinamupatsa mpando wa bambo ndi madzi ozizira, anamwa makapu awiri. Anali waulemu, sindingamunamizire.

Mumsewu monse usiku wa Lachitatu munali ngati anthu akusamuka. Njinga zinakagona kumunda. Atelala makina awo osokera anakawaika kuchimbudzi n'kuwafunditsa chiguduli, wailesi anaikwirira m'thumba la makala. M'mawa anabwera pazenera n'kunong'oneza amayi kuti, "Anzanga, bisani chinthucho, anthuwa akuwerenga katundu." Amayi anati, "Mphatso ya mwana wanga ndiibise ngati yakuba? Komanso iye ali komweko, wanena kuti tinene zoona."

Mtsikanayo anafunsa za zipinda, za denga, kangati timadya pa tsiku. Atafika pa fuliji anafunsa kuti, "Agogo, iyi ikugwira ntchito?" Pakhomo panali patadzaza anthu oonerera. Amayi anati, "Ikugwira." Anafunsanso ngati ali ndi mwana wapantchito, amayi anati alipo, kalaliki wa kuboma. Mtsikanayo anandiyang'ana ine kanthawi, ngati akudikira kuti ndinenepo kanthu. Sindinanene. Anadina kachipangizo kake n'kutsanzika. Za shuga anafunsa pomalizira, ataimirira kale.

Mlongo wanu.

Ndatsegulanso envelopu. Dalaivala wanu wangofika kumene ndi kalata yanu ya pa 2. Akuti lole inathyoka panjira ndipo anagona masiku asanu ndi atatu akudikira chitsulo. Ndaiwerenga ndili chiimire pa siteji. Amayi sindinawaonetse.

8 Meyi

Achimwene,

Moni. Sitinamve kuchokera kwa inu mwezi wathunthu. Muli bwino?

Maina anawamata pakhoma la ofesi ya komiti Lolemba. Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi katatu. Atelala alipo. Amayi palibe.

Lachiwiri anapitabe kuchipatala limodzi ndi anzawo, akuti mwina pakhomapo anangoiwala. Anesi anayang'ana m'buku, kenako anatenga khadi lakale lija n'kulidula ngodya ndi sizasi. Anapepesa, akuti lamulo ndi lomwelo. Amayi anakhala pabenchi panja kudikira Atelala kuti alandire, n'kubwerera limodzi. Pobwera sanakangane za shuga.

Ndakafunsa kusitolo ya mankhwala. Botolo limodzi mtengo wake ndi zochapa zanga za masabata atatu, osadya, osagula sopo. Amayi amatha awiri pamwezi. Kunyumba yomwe ndimachapa Lachinayi, nditatsegula fuliji yawo kuti ndiikemo mkaka, ndinapezamo mankhwala a galu wawo pachitseko, m'kabokosi kolembedwa dzina lake. Sindikudandaula za galuyo, nayenso akudwala. Ndangokuuzani zomwe ndinaona.

Tatsala ndi mabotolo awiri. Achimwene, inu mumagwira ntchito m'nyumba momwe maina amenewa amatulukira. Anzanu omwe mumamwa nawo tiyi ndi omwe amadina makompyutawo. Sindikunena kuti mube. Ndikuti mulankhule nawo. Kalaliki mnzawo sangakane kumumvera.

Mlongo wanu.

29 Meyi

Mlongo wanga,

Moni nonse. Undikhululukire kukhala chete, ndinkasowa cholemba. Kalata yako ya zamaina inandidwalitsa masiku awiri.

Tsopano ndili ndi nkhani yabwinoko. Pali njira yochitira apilo. Pansi pa nyumba yathu ino pali zenera la madandaulo, limatsegulidwa Lachitatu lokha. Ndinapempha tsiku, ndinavala malaya a Atelala aja, n'kuima pamzere ngati wina aliyense. Anthu analipo ambiri, ena ochokera kutali, atagona pa siteji. Ndinafika pazenera dzuwa litapendeka.

Mayi wapazenerapo anatsegula fomu ya amayi pa kompyuta n'kundifunsa ngati pali chomwe chinalembedwa molakwika. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo. Ndinati fulijiyo si yachuma, ndi yakale, inatayidwa ndi ofesi yomwe ino, ndipo ntchito yake ndi kusunga mankhwala a munthu wodwala. Anafunsa kuti, "Koma ikugwira ntchito?" Ndinati ikugwira, ndipo ndicho chifukwa chake ili yofunika. Ndinamuonetsanso kalata yako ya mu Febuluwale pamene unalemba kuti ikugwira bwino, kuti aone kuti ndife anthu osanama. Anaijambula n'kuiphatikiza ku fomuyo. Ndinasaina.

Ndikuona kuti ndinalankhula bwino, mayiyo ankagwedeza mutu. Yankho lituluka pakatha masabata atatu. Uwauze amayi asataye mtima.

Ndaikamo ya botolo limodzi. Ndayamba kuyenda wapansi popita kuntchito, ndi ola limodzi lokha, ndipo mimba yayamba kuphwa.

Mchimwene wako.

24 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Apilo yakanidwa.

Ndinapitanso pazenera kukafunsa chifukwa. Mayi uja anandikumbukira. Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Lamulo lawo limawerenga fuliji yogwira ntchito yokha. Ikakhala yakufa amailemba ngati kabati, ilibe pointi ngakhale imodzi. Chifukwa chomwe munthu ali nayo, fomuyo ilibe malo olembapo. Anati, "Bambo, ndinakufunsani kawiri. Munasaina nokha, ndi kalata munabweretsa nokha."

Anandionetsanso mzere wina, wa mwana wolembedwa ntchito m'boma. Pamenepo ndi pomwe ndiyenera kukuuza chinthu chomwe ndakhala nacho zaka zisanu ndi chimodzi.

Ine si kalaliki. Ndimasesa. Sindine ngakhale wa boma, ndine wa kampani yomwe boma limailipira kuti izisesa, ndipo chaka chilichonse timasaina pepala latsopano. Ndimafika anthu asanabwere, ndimakolopa makonde atatu ndi zimbudzi zisanu ndi chimodzi, ndimatsuka makapu a tiyi amene iwe umati ndimamwa ndi anzanga. Bolodi lija ndinaliwerenga chifukwa kulifufuta ndi ntchito yanga. Odina makompyutawo sadziwa dzina langa, amanditcha "achimwene a mopu". Mayi wapazenera uja ofesi yake ndimaikolopa tsiku lililonse, koma nditavala malaya abwino sanandizindikire.

Sindinanenepo kuti ndine kalaliki, koma sindinakanenso. Zinkandikomera. Ndili ndi manyazi aakulu, mlongo wanga.

Kalembera wina ndi pakatha zaka zitatu. Njira yotsala ndi imodzi, komiti yakwanuko ilembe kalata yoti china chake chinalembedwa molakwika, mwini wake atavomera pamaso pa anthu. Za ukalalikizo ndi zolakwika ndithu, koma akuti mapointi ake paokha sakwanira kuwabwezera pansi pa mzere. Yatipha ndi fuliji, ndipo fulijiyo ikugwira. Ndinaitumiza ndine.

Mchimwene wako.

3 Julayi

Achimwene,

Moni. Khalani pansi musanapitirize.

Fuliji sinagwirepo ntchito. Chifikireni sinazizirepo ngakhale tsiku limodzi. Tinaidikira tsiku lathunthu monga munanenera, tinaiyatsa, inalira pang'ono ngati ikufuna kuyamba, kenako inangoti zii. Ndinaitana wokonza mawailesi mwakabisira, anati china chake chinatayikira m'kati pamene inagonekedwa pa lole, ndipo kukonza kwake kuli ngati kugula ina. Mankhwala akhala ali mumtsuko nthawi yonseyi. Madzi ozizira omwe mtsikana wolemba uja anamwa anali a mumtsuko winawo. M'fulijimo timasungamo mbale, shuga wa alendo ndi makalata anu, poti makoswe salowamo.

Amayi anandiletsa kukuuzani. Anati mwana wadzimana, walipira lole, tisamuswe mtima. Nanenso ndinaona kuti n'zoona. Nditalandira kalata yanu ya apilo ija, yonena kuti mwapereka kalata yanga ngati umboni, ndinasiya mulu wa zochapa za eni ake n'kukatenga pepala. Ndinayamba kukulemberani kawiri, n'kung'amba. Ndinkati mwina apiloyo idutsabe.

Ndakwiya nanu, ndisabise. Mukanandiuza kuti mumasesa, sindikanataya mwezi wathunthu ndikudikira kuti mulankhule ndi anzanu. Ine ndimachapa kabudula wamkati wa anthu ena, ndikanakusekani chiyani? Koma ndikayamba kukwiya ndimakumbukira kuti bodza lomwe lili mu kompyuta yawo ndi lolemba ine, ndi dzanja langa. Tonse atatu takhala tikusungirana ulemu, ndipo ulemuwo watidyera khadi.

Panopa tikudalira ndalama ya botolo yomwe mumatumiza, komanso Atelala. Iwo akalandira awo awiri amabweretsa theka la botolo kuno. Akuti anesi amawaonjezera mwakachetechete chifukwa anawasokera yunifolomu. Amayi achepetsa mlingo, m'mawa mokha. Maso ayamba kuchita chifunga.

Makalata anu onse awiri ndawawerengera amayi, ya pa 2 Epulo ija ndi yomalizayi. Madzulo anapempha pepala. Kalata yawo ili m'envelopu momwemu.

Mlongo wanu.

3 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Ndalemba ndekha. Zilembo zakula chifukwa maso achepa.

Za kusesa ndamva. Unkayesa sindidziwa? Pa maliro a bambo ako ndinagwira manja ako. Kalaliki sakhala ndi zikhatho zotero. Ukalaliki ndinakupatsa ndine, iwe unangolandira. Anzanga akamatchula ana awo, ndinkafuna nane nditchule wanga. Ntchito yako yatidyetsa zaka zisanu ndi chimodzi, usachite nayo manyazi. Wamanyazi ndine.

Mlongo wako usamukwiyire. Mtsikana wolemba uja atafunsa, pakhomo panali anthu omwe ndinawauza kale kuti ikugwira. Ndinaona kuti ndikanena kuti ndi yakufa, aseka iwe. Ndinayankha ndekha, palibe anandikakamiza.

Komiti ikukumana Loweruka la sabata yamawa. Ndipita. Zomwe ndinanena ndi pakamwa panga ndikazibweza ndi pakamwa panga pomwepa.

Uzidya. Ndamva kuti ukuyenda wapansi.

Mayi ako.

16 Julayi

Achimwene,

Moni. Tinapita ku komiti.

Amayi anakana kungokalankhula, akuti anthu omwe anawanamiza ndi maso ayenera kuonanso ndi maso. Tinabwereka wilibala kwa ogulitsa makala. Ine ndinkakankha, Atelala atagwirira mbali imodzi, amayi kutsogolo ndi diresi lija. Tinadutsa msewu wonse masana. Ana anatitsatira mpaka kuofesi. Atelala ankauza aliyense wofunsa kuti, "Tikupita nayo kuchipatala, nayonso ili ndi shuga."

M'holo munali anthu odzaza. Mwini golosale, yemwe ndi wapampando, anailumikiza ku magetsi. Tinadikira. Anaika dzanja m'kati, anaikanso khutu kumbuyo. Kenako amayi anaimirira n'kunena kuti, "Fuliji iyi ndi yakufa chibwerereni. Ndinanama ndine. Mwana wanganso si kalaliki, amasesa m'maofesi, ndipo amasesa bwino." Kumbuyo wina anaseka. Atelala anatembenuka n'kumuyang'ana mpaka anasiya.

Kalata analemba, anadinda, inapita. Dzulo yankho labwera. Avomera kuti amayi ali pansi pa mzere, ndi ovutikitsitsa tsopano, mwalamulo. Koma khadi palibe. Akuti dera lathu linapatsidwa malo owerengeka chaka chino ndipo onse anadzaza mu Meyi. Amayi awaika pa mndandanda wa odikira. Ndi achitatu.

Ndinafunsa wapampando kuti malo amapezeka bwanji. Anayang'ana m'mapepala ake n'kunena kuti wina wa pa mndandanda woyamba akasamuka m'dera lino, kapena akamwalira. Maina a pakhoma aja, achimwene, ndi anthu omwe timapatsana nawo moni tsiku lililonse.

Fuliji tinabwerera nayo. Amayi akuti mbale zilibe kwina kokhala. Ili pomwe paja, koma nsalu yapazenera tsopano amatseka.

Mlongo wanu.

5 Sepitembala

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa Atelala. Kalata ya amayi ndimayenda nayo m'thumba la ovolosi.

Ndapeza ganyu Loweruka ndi Lamlungu, kutsuka magalimoto kuseri kwa ofesi. Eni magalimotowo ndi omwe aja a misonkhano ya ovutikitsitsa, ndipo ena amapatsa bwino ndithu. Ndaikamo ya botolo limodzi ndi theka. Ndikuyesetsa kuti pofika Disembala ndizikwanitsa awiri, Atelala apume.

Sabata yatha kunali phwando kuno, akuti kalembera wayenda bwino ndipo ndalama zapulumuka zambiri. Anatipatsa zotsala. Ndinadya, ndisaname.

Undiuze zoona zokhazokha tsopano, ngakhale zowawa. Maso a amayi ali bwanji? Pa mndandanda afika pati? Funso lachiwirili ndalilemba n'kulifufuta, n'kulilembanso. Sindikudziwa kuti munthu amafunsa bwanji zimenezi.

Mchimwene wako.

21 Sepitembala

Achimwene,

Moni. Ndalama zinafika, zikomo.

Zoona ndi izi. Diso lamanzere likuona mithunzi yokha, lamanja likuonabe. Pa mndandanda ndi oyamba tsopano. Banja lina linasamuka mu Ogasiti, ndipo abambo aja ankakonza nsapato pa siteji anamwalira. Amayi anapita kumaliro, koma atabwera anandiuza kuti anthu ankawayang'ana. Mwina sankawayang'ana, koma iwo anaona choncho. Masiku ano akamva kuti wakutiwakuti wadwala safunsanso kuti ali bwanji, akuopa kuti ayesedwa akuwerengera.

Atelala ali ndi bala kuphazi, akuti anaponda singano. Likuchedwa kupola. Makina akupalasa ndi phazi limodzi, ndipo akuti mzere ukuwongoka kuposa kale. Theka lija akubweretsabe. Ndinawauza kuti achimwene awonjezera ndalama, asiye. Anati, "Iwe, za akuluakulu zikukhudza chiyani? Zapadera zomwe amandipatsa anesi ndizimwetse nkhuku?"

Mlongo wanu.

2 Novembala

Achimwene,

Moni. Pepani kuti uthenga wa pa foni ya kugolosale unali waufupi. Tsopano ndilembe bwino.

Atelala tinawaika Lachisanu. Bala lija linakwera mwendo. Anagonekedwa masiku asanu ndi anayi, ndipo amayi anakhala pambali pa bedi masiku onsewo, kuwapukuta ndi kukangana nawo. Tsiku lomaliza anauza amayi kuti makina osokera akhale anga, koma kalembera akadzabweranso ndidzakumbukire kuchimbudzi.

Ndili kuchipatalako ndinapita kwa anesi aja kukawathokoza chifukwa cha mankhwala apadera omwe ankawapatsa Atelala. Anandiyang'ana modabwa. Akuti mabotolo amachita kuwerengedwa ndi kusainidwa, palibe amalandira oposa awiri, ndipo yunifolomu yawo sanasoketsepo kwa munthu. Theka lija linali la mlingo wawo womwe. Miyezi isanu.

Munati ndizinena zoona zokhazokha, ndiye amayi ndinawauza. Ndinaganiza usiku wonse ngati ndiwabisire, koma kubisa tinakuyesa kale m'nyumba muno. Anangoti, "Ndinkakayikira," n'kulowa kuchipinda.

Dzulo wapampando anabwera yekha pakhomo, chipewa chili m'manja. Anabweretsa khadi. Ndi lobiriwira ngati lakale lija, dzina la amayi analemba bwino, ndipo akuti liyamba kugwira ntchito mwezi uno. Anati komiti ikupepesa komanso ikuwafunira mafuno abwino, ndipo anaoneka kuti sakudziwa kuti ayambe ndi ziti. Amayi analandira ndi manja awiri, anathokoza. Mlendoyo atachoka, amayi anatsegula fuliji, anaika khadilo pamwamba pa makalata anu, n'kukankha chitseko ndi bondo.

Ndiye ganyu ya magalimoto ija mukhoza kusiya, muzikwera basi. Mankhwala apezeka, awiri pamwezi, aulere.

Lachiwiri ndipempha tsiku kunyumba zakumtunda kuti ndiwaperekeze amayi kuchipatala, poti alibenso woyenda naye. Akuti tidzadzere msewu wakuseri, wodutsa kwa ogulitsa makala. Ndi wautali, koma sudutsa pakhomo pa Atelala.

Mlongo wanu.